Chikulunga cha Che Bwanali

Tadala ndi Mphatso, ana anga, mayi anu akuti ndilembe za ntchito yanga mutu ukadali bwino. Sindine munthu wa mawu ambiri, mukundidziwa. Ndilemba zimene ndinaona, makamaka za chaka cha Kolona, chifukwa pa foni sindinakuuzeni zonse.

1988 mpaka 2006

Ntchito yoyamba ndinaipeza nditangomaliza Folomu 4, pa bwalo la timu ya kampani ina ku Blantyre. Ndinapitako kukayesa mwayi ngati wosewera kumbuyo. Kochi atandiona ndikuthamanga anandiitanira pambali, nati, "Mnyamata iwe, mpira umaukonda, koma iwo sukukonda. Chikwakwa umatha kugwira?" Ndinayamba tsiku lomwelo. Ndinkatchetcha kapinga, kusoka maukonde ndi kujambula mizere. Laimu akasowa tinkajambula ndi phulusa, mipope ikauma tinkatunga madzi kumtsinje pa wilibala. Kampaniyo itasiya kuthandiza mpira ndinasamukira ku sukulu ina ya ana a azungu ku Lilongwe, komwe ndinaphunzira makina otchetchera ndi mipope yothirira. Mphunzitsi wa zamasewera wa pasukulupo atapeza ntchito ku Dubai, anakumbukira kuti udzu wanga sunkafa, ndipo anandiitanitsa.

2007 mpaka 2019

Kalabu imene ndinagwirako ili kufupi ndi doko la Jebel Ali. Masiku ano ndi sukulu ya mpira ya ana, ya mabwalo atatu ndi maofesi a magalasi, koma akuti inayamba ngati timu ya anthu ogwira ntchito padoko ndi anyamata a m'deralo, akusewera pamchenga. Ndinayamba ngati wothandiza, kenako ndinakhala mkulu wa osamalira mabwalo. Kusunga udzu wamoyo m'mwezi wa Ogasiti ku Dubai kuli ngati kulera mwana wodwaladwala. Ukagona tulo tsiku limodzi, mawa ukapeza wapsa. Kalabu inatipatsa nyumba ku Discovery Gardens, ndipo ndinkakhala ndi a Tembo a ku Chipata, mlonda wa pageti. Tinkakangana za mpira wa Malawi ndi Zambia chaka chonse, osagwirizana ngakhale kamodzi. Bwana wanga womaliza anali a Karim, manijala wa kalabu, munthu wothamanga m'zochita ndi m'kulankhula. Sanali woipa mtima, koma sankakonda kumva chinthu kawiri.

Januwale 2020

M'nyumba yomwe tinkakhala, pamwamba pathu, munkakhala namwino wa ku Mangochi dzina lake Asiyatu. Mwezi umenewu anaitanitsa bambo ake, Che Bwanali, kuti adzawachotse ng'ala m'maso. Anali nkhalamba yowonda, yaitali, ya matenda a shuga, ndipo pakamwa pawo sipankauma nkhani. Ankati anamwetsapo chigoli ku Beira kuchokera pakona chimphepo chikuwomba, anadyapo ndi kaputeni wa sitima, anakonzapo injini ndi supuni. Atamva kumene ndimagwira ntchito anandigwira dzanja osalitaya.

"A Makwinja, bwalo lanulo ndi langa. Ndinali makaniko padoko paja likumangidwa. Munthu wakuda woyamba kuvala jezi ya timu imeneyo ndine, ndipo kochi wake woyamba ndinenso."

A Tembo anaseka mpaka kukhosomola. "Madala, na doko yamene munamanga ndimwe, ai?"

"Ababa, mwayambatu," anatero Asiyatu, akuyang'ana pansi ndi manyazi. Iye anabadwa bambo ake atabwerera kale ku Malawi, ndipo mkuluyo chithunzi cha ku Dubai analibe ngakhale chimodzi. Zoti anagwirapo ntchito padoko ankavomera. Za ukochizo ankaziika pamodzi ndi chigoli cha ku Beira. Inenso ndinaziika pomwepo.

Malichi mpaka Meyi 2020

Che Bwanali anachotsedwa ng'ala bwinobwino, koma asananyamuke ndege zinaima. Mzinda unatsekedwa. Panali nthawi imene ngakhale kukagula buledi umayamba wapempha chilolezo pa foni. Kalabu inatseka, ana anasiya kubwera, koma udzu sudziwa za mliri, choncho ine ndinapatsidwa chikalata choti ndizipita kukathirira. Asiyatu ankagwira m'chipinda cha odwala Kolona ndipo ankagona kuchipatala komweko poopa kupatsira bambo ake. Anandipempha kuti ndiziwaona. Ndinkawasiyira chakudya pakhomo, n'kuima chapatali m'khonde nditavala masiki, iwo atakhala pampando chitseko chili chotsegula. Manja awo sankakhala chete. Majumbo onse obwera ndi zogula ankawasunga, n'kumakulunga mipira yachikulunga, kuimanga ndi twaini mwa maukonde aang'onoang'ono, yolimba ngati dzungu. Ana oti aimenye panalibe. Ankangoiunjika pakona.

Ku kalabu zinthu zinkaipa. Malipiro anadulidwa, ndipo anthu anayamba kuchotsedwa ntchito mmodzimmodzi. Ku Dubai ntchito ikatha, viza yathanso. Iwe Tadala unali chaka chachiwiri ku koleji ya unamwino, Mphatso akudikira mayeso a Folomu 4. Ndinkadzuka m'mawa uliwonse ndikuganiza kuti mwina lero ndi langa.

Mkati mwa zimenezi a Karim anaganiza zoti ntchito imodzi isaime. Eni kalabu anali atavomereza kale kuti pakhomo lolowera pamangidwe khoma la mbiri, pakhale zithunzi ndi mayina a makochi onse kuyambira pachiyambi. Anandituma kukatulutsa mabokosi a zithunzi zakale m'chipinda chosungira katundu. Zithunzi za zaka zoyambirira zinali zofanana: anyamata ataima pamchenga, ena atagwada, pakati mzungu wa kabudula atakhala pampando mpira uli pamiyendo. Ameneyo anali a Harold, injiniya wa padoko, amene anamwalira kalekale. Kumapeto kwenikweni kwa mzere kunali munthu wakuda wowonda atanyonyomala, ndowa ili pambali pake. Kumbuyo kwa zithunzizo sikunalembedwe kanthu. A Karim analoza wa pampandoyo nati, "Kochi woyamba ndi uyu. Yalla, fulumira, pukuta galasi."

Ndinajambula chithunzi chimodzi pa foni n'kukaonetsa Che Bwanali. Anachiyang'ana nthawi yaitali ndi maso awo atsopano aja. Tsiku limenelo sanakokomeze kalikonse. Anatchula mayina a anyamatawo motsitsa mawu, kenako anaika chala kumapeto kwa mzere.

"Ndine uyu."

"Nanga achikulire, ngati munali kochi, bwanji mwanyonyomala ndi ndowa, wina ali pampando?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa za chibwana. "A Makwinja, munaleredwa kuti inu? Mpando unali umodzi. A Harold ankabwera tsiku lojambula lokha, chifukwa ndi amene ankatigulira majezi. Mlendo aime, mwini khomo ali pampando? Ndikanatero mayi anga akanadzuka m'manda. Ndowayo inali ya madzi a anyamata. Kochi wa nthawi imeneyo ankanyamulanso ndowa." Anandibwezera foni. "Mukawauze abwana anu. Ine za khoma ndilibe nazo ntchito, kumene ndikupita kulibe makoma. Koma Asiyatu aone. Mwana wanga amandisamala ngati bambo, koma amandimvera ngati wabodza."

Juni 2020

Ndinakhala nayo nkhaniyi masiku angapo. Nkhope ya pachithunzi inali yaing'ono ndi yofufuma, ikanatha kukhala ya munthu aliyense. Koma za mpandozo zinandikhala pamtima, chifukwa ndi zimene bambo anga akanachita, ndi zimene inenso ndikanachita. A Tembo anandiletsa. "Ba Makwinja, nkhalani chabe zii. Muli na bana ku sukulu. Mufuna kutaya nchito chifukwa cha madala wamene anakonza injini na supuni?"

Ndinapitabe ku ofesi. A Karim anandimvetsera akulemba pa foni. Nditamaliza anati, "Makwinja, habibi, m'bale wanga, nkhalamba iliyonse mu Dubai muno inayambitsapo kanthu. Ali ndi umboni?" Ndinati alibe. Anati ana a a Harold ku Ulaya anauzidwa kale ndipo asangalala kwambiri, dzina latumizidwa kale kwa ozokota. Ndinayesa kufotokoza za mpando, kuti kwathu mlendo ndiye amakhala. Anaika foni pansi. "Pa chithunzi cha timu, wa pakati ndi kochi. Dziko lonse ndi choncho. Khalas, nkhani yatha. Ntchito yako ndi udzu, ndipo mwezi wamawa eni ake akuunikanso makontilakiti. Usandipatse chifukwa."

Ndinatuluka ndikuthokoza. Madzulo ndinawauza Che Bwanali mmene zinathera. Sanakwiye. Anafunsa ngati mwa anyamata a pachithunzi alipo amene akali moyo. Ndinati ndikudziwapo mmodzi, a Abu Rashid, amalume awo a mwini kalabu, munthu wolemekezeka amene ankabwera kamodzi pachaka kudzapereka zikho, ndipo ankanenedwa kuti anasewerapo timu yoyamba ija. Koma munthu ngati ine sakanangowayandikira. Che Bwanali anadzuka, napita pakona paja, nasankha chikulunga chimodzi.

"Masiku amenewo mpira wachikopa tinali nawo umodzi, wa tsiku la masewero. Anyamata ndinkawaphunzitsa ndi uwu. Onse ankamenya ndi mwendo wamanja wokha, wamanzere unali wokwerera basi. Ndiye ndinaika lamulo: mnyamata akafika pabwalo, moni sindiyankha. Ndimugubuduzira chikulunga kumwendo wamanzere, abweze ndi wamanzere womwewo, ndiye tilonjerane. Mukamuona ameneyo musalankhule. Mungomugubuduzira."

Ndinaulandira mpirawo chifukwa cha ulemu. Ndinakauika m'shedi, kuseri kwa matumba a feteleza.

Ogasiti 2020

Ana anali atayambiranso kubwera, ochepaochepa, aliyense ndi mpira wake ndi botolo lake. Khoma linatha, mayina ataphimbidwa ndi nsalu. Tinauzidwa kuti a Abu Rashid abwera m'mawa wina kudzaliona lisanatsegulidwe, ndipo ife a panja tisayandikire, chifukwa ndi munthu wachikulire ndipo matenda akadalipo. Kontilakiti yanga inali isanasainidwe. Anzanga awiri a m'gulu langa anali atapita kale kwawo.

M'mawa umenewo ndinkajambula mizere pa bwalo loyamba, lomwe lili pafupi ndi khomo. Chikulunga ndinali nditachiika m'ndowa yopanda kanthu, ndisanatsimikize chochita. Ndinaganiza za inu awiri. Ndinaganizanso kuti chimene ndikufuna kuchita, kwa munthu wosadziwa, ndi kuponyera zinyalala kumapazi a munthu wamkulu pamaso pa abwana, nthawi imene anthu akuopa ngakhale kugwira chitseko. Ngati Che Bwanali ankakokomeza, kapena ngati a Abu Rashid anaiwala, ndiye kuti sabata yomweyo ndili pa mndandanda wodikira ndege. Galimoto inafika. A Tembo anatsegula geti, ndipo atandiona ndi ndowa anapukusa mutu. A Abu Rashid anatsika pang'onopang'ono, mkanjo woyera, ndodo m'dzanja, masiki kumaso, a Karim ali pambali pawo. Njira yawo inkadutsa m'mbali mwa bwalo.

Chimene chinandisuntha sichinali kulimba mtima. Ndinangoona kuti akadutsa pamenepa, nsalu ija ichotsedwa, Che Bwanali akwera ndege, ndipo nkhaniyi sidzafunsidwanso ndi wina aliyense mpaka kalekale. Ndinawerama, n'kugubuduza chikulungacho pa udzu. Chinapita mowongoka, chinakwera pa simenti, n'kukaima pa phazi lawo lamanzere.

"Makwinja!" anakuwa a Karim.

A Abu Rashid anaima. Anayang'ana pansi nthawi imene kwa ine inali ngati chaka. Kenako anasamutsa ndodo kupita kudzanja lamanja, anavula nkhwayira ya kumanzere, anakweza mkanjo pang'ono, n'kumenya mpirawo ndi mkati mwa phazi. Unabwerera kwa ine, osati mwamphamvu, koma unafika. Atatero ndi pamene anati, "Salaam aleikum." Ndinayankha. 

"Wamanga ndani mpira uwu?" anafunsa m'Chingerezi chawo chodukaduka.

"Che Bwanali, bwana."

"Bwanali anamwalira. Tinamva choncho."

"Ali ku Discovery Gardens, bwana. Dzulo amadandaula kuti tiyi wachepa shuga."

Mkuluyo anaseka, kenako anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango wa kumutu. Anatembenukira kwa a Karim n'kulankhula nawo m'Chiarabu. Sindinamve zonse, koma ndinaona akuloza phazi lawo lopanda nsapato lija, n'kulozanso khoma. Analowa, anakweza nsalu ndi ndodo, anawerenga, n'kuitsitsa. Potuluka anandipempha mpirawo. Ndinati ndiupopere kaye mankhwala. Anati ayi, n'kuulanda.

Tsiku lonselo a Karim sanandilankhule, mawa lakenso chimodzimodzi. Ndinayamba kulongedza m'maganizo. Tsiku lachitatu anandipeza ndikukonza mpope. Anaima pamwamba panga manja ali m'thumba.

"Ozokota akufuna kalembedwe ka dzina. Ukandifunsire. A Harold akhalapobe, koma ngati wothandiza timu woyamba, ana awo ndalankhula nawo, akuti bambo awo mpira sankaudziwa n'komwe." Anayamba kuchoka, n'kubwereranso. "Ndipo tsiku lina ukafuna kugenda amalume a bwana ndi majumbo, uzindiuza kaye. Mtima wanga unatsala pang'ono kuima. Kontilakiti yako ili pa tebulo, ukasaine usanaweruke."

Nditasaina ndinapita m'shedi, ndinatseka chitseko, ndinakhala pa thumba la feteleza. Ndinakhala pamenepo mpaka mpweya unabwerera. Madzulo ake ndi pamene ndinakuimbirani, n'kukufunsani za sukulu zokhazokha.

Seputembala 2020

Ndege zitayambanso kutera ku Lilongwe, Asiyatu anapezera bambo ake tikiti. Khoma linatsegulidwa kutatsala masiku ochepa kuti anyamuke. Sunali mwambo waukulu, malamulo sankalola. Tinalipo anthu ochepa, titatalikirana, dzuwa litapendeka. Asiyatu anapempha tchuthi cha tsiku limodzi, anayezetsa, n'kubwera ndi bambo ake atavala jekete ya a Tembo, imene inawathera m'zigongono. Che Bwanali ndi a Abu Rashid ataonana anafuna kukumbatirana, Asiyatu n'kuima pakati. Anagundana zigongono basi, akulankhula Chiarabu chosakaniza ndi Chiswahili, chimene ngakhale a Karim sanachitsate.

Nsalu itachotsedwa, pamwamba penipeni panali nkhope ija ya kumapeto kwa mzere, ataikulitsa, ndowa ikuonekabe. Pansi pake dzina lawo, ndi mawu oti kochi woyamba. Chikulunga chija anachiika m'kabokosi ka galasi. Asiyatu anawerenga kawiri, milomo ikuyenda kuseri kwa masiki. Sanalire. Anangogwira mkono wa bambo ake n'kufunsa chapansipansi, "Ababa, nanga za ku Beira zija?"

"Zimenezo ndi zoona theka," anatero Che Bwanali. "Chimphepo panalibe."

Wojambula anaika mpando umodzi pakati pa khomalo, nauza kochi woyamba kuti akhale. Che Bwanali anayang'ana mpandowo, anayang'ana a Abu Rashid ndi ndodo yawo, n'kuukankhira kwa iwo. "Khalani, ndinu alendo." A Abu Rashid anaukankhira kwa iwo. Che Bwanali anaubwezanso, n'kuyamba kupita kumapeto kwa mzere, akupinda mawondo okalambawo kuti anyonyomale.

"Madala, muzayambanso?" anakuwa a Tembo ali kugeti. "Tizafuna khoma inangu!"

Asiyatu anawagwira paphewa. "Ababa, khalani pampando. Lero mlendo ndinu, muli ndi tikiti m'thumba."

Anakanabe, akuti sangakhale munthu wa ndodo ataima. A Karim anandiyang'ana, ine ndinali nditanyamuka kale. Ndinathamangira ku ofesi n'kubwera ndi mpando wachiwiri.

Ndinagwiranso zaka ziwiri, mpaka msana unandiuza kuti zakwana, ndipo ndinabwerera kuno ku Lunzu mu 2022. Che Bwanali anamwalira chaka chomwecho ku Mangochi, ndinakaika nawo maliro. Chithunzi cha tsiku lija ndi chimene chili pamwamba pa kabati, chimene Mphatso amati ndatulukamo ngati ndakwiya. Sindinakwiye, ndinali wefuwefu. Mukachiyang'ana muona nkhalamba ziwiri pakati, aliyense pampando wake, ndipo Che Bwanali akhala m'mphepete mwenimweni mwa wawo, ngati akudikira kuti mwina pabwera mlendo wina.